Gulu Lopanda Bwana: Mbiri ya Kapangidwe ndi Katulutsidwe ka Seva ya Apache

Chapakati pa chaka cha 1994, Rob McCool anachoka ku National Center for Supercomputing Applications, pa yunivesite ya Illinois ku America, n'kukalowa ntchito kukampani yatsopano imene posakhalitsa inatchuka ndi dzina la Netscape. Kumbuyo anasiya pulogalamu imene analemba, yotchedwa NCSA httpd. Iyi inali seva ya webu, pulogalamu imene imakhala tcheru pakompyuta usana ndi usiku, kudikira kuti munthu wina kwinakwake apemphe tsamba, iyo n'kumutumizira. Mawebusayiti ambiri a nthawi imeneyo ankayendera iyoyo. Mwini wake atachoka, inasowa woisamalira.

Oyang'anira mawebusayiti sanakhale manja lende. Aliyense akapeza cholakwika ankatsegula khodi, imene inalembedwa m'chinenero cha C, n'kukonza yekha pamakina ake. Zida zogawirana zokonzazo zinalipo kale pa Unix. Pulogalamu ya diff inkayerekeza fayilo yakale ndi yatsopano n'kulemba mizere yokhayo imene yasintha. Ina yotchedwa patch, imene Larry Wall analemba chapakati pa zaka za m'ma 1980, inkatenga mizereyo n'kuisokerera pafayilo ya munthu wina. Kafayilo ka mizere yosinthayo ndiko chigamba. Zigamba zinkayenda pa imelo kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, zina n'kutumizidwa ku NCSA, koma kumeneko kunali zii. Ndipo chigamba chili ndi khalidwe lake: chimadulidwa poyang'ana khodi monga inalili tsiku linalake. Zikachuluka, ziwiri zimatha kulimbirana mzere umodzi, ndipo pamafunika wina wonena kuti chilowe n'chiti.

Mu Febuluwale 1995 anthu asanu ndi atatu anagwirizana zosonkhanitsa zigambazo pamalo amodzi. Brian Behlendorf ndi Cliff Skolnick anakonza mndandanda wa imelo komanso kompyuta ina ku California imene aliyense wa m'gululo ankatha kulowamo ali kwawo. Enawo anali Roy Fielding wa ku Irvine, amene ankathandiza nawo kulemba malamulo a HTTP yeniyeniyo (njira imene masamba a webu amatumizidwira), Robert Thau wa ku MIT, David Robinson wa ku Cambridge ku England, Rob Hartill, Randy Terbush ndi Andrew Wilson. Aliyense anali ndi ntchito ina yomudyetsa. Ya seva ankaigwira pa nthawi yotsala, wina kukucha kwawo pamene mnzake akukagona.

Linux inali ndi Linus Torvalds, Perl inali ndi Larry Wall. Mkangano ukakula kumeneko, pankakhala munthu wodula mlandu. Apache, seva ya gulu latsopanoli, inalibe wotero. Woyambitsa khodi anali atapita, ndipo mwa asanu ndi atatuwo panalibe amene akanaimirira n'kunena kuti pulogalamuyi ndi yanga. Kuona kwanga, pafupifupi chilichonse chimene chinabwera pambuyo pake, kuyambira zida zogwirira ntchito mpaka katulutsidwe ka mitundu yatsopano, chinabadwa pofuna kuyendetsa zinthu mpando umenewo uli wopanda munthu.

Yankho lawo linali voti ya manambala atatu. Munthu akayesa chigamba n'kukhutira nacho amalemba +1. Ngati alibe nacho mawu amalemba 0. Akachikana amalemba -1. Kuti chigamba chilowe pankafunika ma +1 atatu popanda -1 ngakhale mmodzi. Apa m'pamene pali nzeru yake, chifukwa -1 si voti wamba yoti anzako angaipose ndi kuchuluka kwawo. Munthu mmodzi akakana, chigamba chaima, ngakhale ena khumi atachifuna. Koma wokanayo ayenera kupereka chifukwa chogwirika chokhudza khodiyo, monga kuti ikutsegula khomo kwa akuba kapena ikuchedwetsa seva. Kukana kopanda chifukwa sikuwerengedwa. Njira yotulukira n'njoti wolemba chigamba akonze chimene chadandaulidwacho, kapena amukhutiritse wokanayo mpaka achotse yekha -1 wake. Amene anaonapo bokosi la banki m'khonde, lija la maloko atatu makiyi ake n'kusungidwa ndi anthu atatu osiyana, amva msanga cholinga chake: si kuti atatuwo ndi anzeru kuposa ena onse, koma kuti pasapezeke mmodzi wotsegula yekha usiku.

Chinanso chimene chinakhazikika masiku oyambirirawo n'chakuti mfundo imamangidwa pamndandanda wa imelo basi. Anthu angakambirane pafoni kapena pakapu ya khofi, koma zimene agwirizana sizikhala mfundo mpaka zitalembedwa pamene aliyense angaziwerenge n'kuyankhapo. Gulu lomwazikana m'mayiko silikanachitira mwina.

Miyezi yoyamba ntchito inkayenda pamanja. Zigamba zinkaikidwa pakompyuta ya ku California ija, aliyense n'kukazitenga, kuzisokerera pakhodi yake, kumanga seva, kuiyesa, kenako kuvota. Munthu mmodzi wodzipereka ankasonkhanitsa zimene zadutsa n'kumanga phukusi latsopano. Motero mu Epulo 1995 munatuluka Apache 0.6.2, yomangidwa pa NCSA httpd 1.3. Koma choseketsa n'chakuti kusintha kwakukulu kwambiri kwa chaka chimenecho sikunachokere m'mavoti. Mu Meyi ndi Juni, Robert Thau anakhala payekha n'kulembanso mkati monse mwa seva, ntchito imene anaitcha Shambhala. Anaigawa m'zigawo zoti munthu angaike kapena kuchotsa, zotchedwa mamodulo, n'kukonzanso kagwiritsidwe ntchito ka memori ndi kagawidwe ka alendo pakati pa maseva ang'onoang'ono odikirira. Gulu linaona kuti chake n'chabwino kuposa chawo, ndipo mu Julayi linasamukira pa maziko akewo. Apache 0.8.8 inatuluka mu Ogasiti, 1.0 pa 1 Disembala 1995, ndipo pofika Epulo 1996 kalembera wa Netcraft ankaonetsa kuti yapitirira NCSA httpd n'kukhala seva yogwiritsidwa ntchito kwambiri pa intaneti. Voti imadziwa kusefa ntchito ya anthu. Kuyambitsa chinthu chatsopano siidziwa.

Mu 1996 gululo linayamba kusunga khodi mu CVS, nkhokwe imene imakumbukira kuti mzere uliwonse unasinthidwa ndi ndani, liti, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Apa panabadwa udindo watsopano, wa munthu wopatsidwa chilolezo cholemba mwachindunji m'nkhokwemo. Chilolezocho sichigulidwa ndipo sichipemphedwa. Chimaperekedwa ndi anzako akaona kwa miyezi ingapo kuti zigamba zako n'zolongosoka. Koma CVS inautsanso mkangano. Ngati ndingathe kulowetsa chosintha m'mphindi imodzi, ndidikirirenji masiku kuti anthu atatu otanganidwa achiyese? Olemba mwachangu ankaona kuti akumangidwa miyendo. Osamala ankati liwiro limenelo ndi limene lidzagwetse seva za anthu. Kumayambiriro kwa 1998 anagwirizana pakati: pakhodi imene ikukulitsidwa, munthu alowetse kaye chosintha, anzake achione pambuyo, ndipo wina akakana chichotsedwe; koma pakhodi imene yakhazikika kale n'kumagwiritsidwa ntchito ndi anthu, chosintha chiyambe chaonedwa n'kuvoteredwa chisanalowe. Kugawa kumeneku kudakalipo. Thunthu la khodi, limene amalitcha trunk, limayendera lamulo loyamba, pamene nthambi yokhazikika imayendera lachiwiri.

Mlatho wa pakati pa ziwirizi ndi fayilo wamba ya mawu yotchedwa STATUS, imene imakhala m'nkhokwe momwemo pambali pa khodi. Ilibe mabatani kapena zithunzi. Munthu wofuna kuti chosintha cha m'thunthu chitsikire kunthambi yokhazikika amalemba m'fayiloyo kuti chosinthacho n'chiti ndipo chikupezeka pati, n'kuika +1 wake ndi dzina lake. Anzake akachiyesa amawonjezera mayina awo pamzere womwewo, nthawi zina n'kukanganirana pomwepo m'mizere iwiri itatu. Mayina akakwana atatu chimasunthidwira m'chigawo cha zovomerezedwa. Mulinso chigawo cha mavuto oti mtundu watsopano sungatuluke asanathetsedwe. Pa zida zonse za ntchitoyi, ine ndimaona kuti iyi ndi imene inaganiziridwa bwino kwambiri, chifukwa voti ndi khodi zimasungidwa m'nkhokwe imodzi, ndipo pakadutsa zaka khumi munthu amatha kufufuza kuti anavomereza chinthu chakutichakuti anali ndani.

Kumanga seva pamakina ako kunali ndi mbiri yakeyake. M'mitundu yoyambirira munthu ankatsegula fayilo yotchedwa Configuration, kusankha mamodulo pochotsa kapena kuika chizindikiro kumayambiriro kwa mzere, kuyendetsa Configure, kenako make, n'kukopera yekha mafayilo kumalo ake. Ralf Engelschall wa ku Germany, yemwe analembanso mod_rewrite, ndi amene anabweretsa mu Apache 1.3 ya Juni 1998 njira imene anthu a Unix anaizolowera kwina: configure, make, make install. Mtundu womwewo unabwera ndi apxs, chida chomangira modulo payokha popanda kumanganso seva yonse, ndipo unayamba kuyenda pa Windows. Kabisidwe ka uthenga ka SSL kokha kanakhala kunja kwa phukusi, chifukwa malamulo a America a nthawiyo ankaletsa kutumiza kunja mapulogalamu otere. Ofuna SSL ankatenga Apache-SSL ya Ben Laurie ku Britain kapena mod_ssl ya Engelschall n'kusokerera okha. Malamulowo atafewa mu 2000, mod_ssl inalowa mu 2.0.

Windows inavumbula vuto lina. Khodi inadzaza ndi timizere tonena kuti ngati makina ndi awa chita ichi, ngati ndi awo chita icho. Pokonza 2.0 anazula zonsezo n'kuziika m'laibulale yapayokha yotchedwa APR, Apache Portable Runtime, kuti seva izilankhula ndi APR, APR n'kumalankhula ndi makina. Kuyambira pamenepo wofuna kugwira ntchito pakhodi ya m'nkhokwe ayenera kukhala ndi kompaila ya C, autoconf, libtool, laibulale ya PCRE, komanso APR imene angaiike m'foda ya srclib, ndipo asanachite china chilichonse amayendetsa buildconf kuti ipange configure. Wotsitsa phukusi lotulutsidwa saona zonsezi, poti configure imakhala itapangidwa kale ndi womanga phukusilo. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa, koma n'chifukwa chake voti yomaliza imachitikira pa phukusi lenilenilo osati pakhodi ya m'nkhokwe: chimene anthu adzatsitse chili ndi mafayilo amene m'nkhokwe mulibe.

Mtundu wa 2.0 unatenga zaka. Woyamba kulengezedwa kuti wakhwima, mu Epulo 2002, unali 2.0.35, ndipo nambala imeneyo ikufotokoza mwambo wina wa gululi. Wotsogolera katulutsidwe sasankhidwa ndi komiti. Aliyense amene ali ndi chilolezo cholemba m'nkhokwe angadzipereke. Iye ankadinda nambala pakhodi monga ilili tsiku limenelo, kumanga phukusi, n'kuliika poyera kuti anzake aliyese. Likalephera, nambalayo inkatayidwa, osagwiritsidwanso ntchito, kuopa kuti padziko pangakhale maphukusi awiri osiyana a dzina limodzi. Ankati manambala ndi otchipa. N'chifukwa chake mndandanda wa 2.4 uli ndi mipata: unayambira pa 2.4.1 mu Febuluwale 2012, ndipo 2.4.5 ndi 2.4.8 sizinafike kwa anthu. M'zaka zaposachedwa anasintha n'kuyamba kuyesa kaye maphukusi olembedwa rc1, rc2, kuti nambala yeniyeni isawonongeke. Panalinso mwambo woti nambala yapakati ikakhala yosagawika pawiri, monga 2.1 ndi 2.3, ndiye kuti ndi yoyeserera, imene ikakhwima imasanduka 2.2 kapena 2.4.

Mu 1998 IBM inaganiza zoika Apache m'malonda ake a WebSphere, ndipo maloya ake anapeza kuti palibe bungwe loti asainirane nalo pepala. Panali anthu chabe ndi mndandanda wa imelo. Chaka chotsatira, 1999, kunakhazikitsidwa Apache Software Foundation. Zimenezi zinasintha tanthauzo la voti yotulutsira. Phukusi likavomerezedwa ndi komiti yoyang'anira ntchitoyo, limakhala lotulutsidwa ndi bungwe, osati ndi munthu amene analimanga, choncho wofuna kukasuma sangalondole wolemba khodi kunyumba kwake. Malamulo ake ndi osiyana pang'ono ndi a zigamba. Pamafunika ma +1 atatu a mamembala a komitiyo, ovomereza achuluke kuposa okana, ndipo apa -1 alibe mphamvu yoimitsa yekha. Akanakhala nayo, munthu mmodzi wokhumudwa akanatha kugwira dziko lonse pakhosi. Voti imakhala yotsegula maola osachepera 72, kuti wa ku Asia, wa ku Ulaya ndi wa ku America onse apeze mpata. Ndipo +1 wa apa satanthauza kuti ndikugwirizana nazo. Amatanthauza kuti ndatsitsa phukusilo, ndaona siginecha yake, ndalimanga pamakina anga ndipo ndaliyesa. Chimene bungwe limatulutsa mwalamulo ndi khodi yokha. Mapulogalamu omangidwa kale amene anthu amaika pa Windows kapena kulandira kudzera mu Debian ndi Red Hat amamangidwa ndi ena.

Siginechayo ndi ya PGP. Womanga phukusi amalisainira ndi kiyi yake yachinsinsi, ndipo makiyi apoyera a onse amasungidwa m'fayilo yotchedwa KEYS. Pambali pake pamaikidwa nambala yaitali yotsimikizira kuti palibe kadontho kamene kasintha, poyamba ya MD5, masiku ano ya SHA-256 ndi SHA-512. Izi si zokongoletsa. Mu Meyi 2001 munthu wina anathyola n'kulowa m'kompyuta yaikulu ya apache.org, ndipo gululo linachita kufufuza khodi ndi maphukusi kuti litsimikize kuti sanakhudzidwe. Kwa zaka zambiri maphukusi ankagawidwa kudzera m'makompyuta a mayunivesite ndi makampani odzipereka m'mayiko osiyanasiyana, amene bungwe silinkawalamulira. Wotsogolera katulutsidwe ankadikira tsiku lathunthu kuti onsewo akopere asanalengeze. Mu 2021 bungwe linasiya njira imeneyo n'kuyamba kugawa kudzera mu CDN (makompyuta ogawa mafayilo mwachangu), kudikira kuja n'kutha.

Za nkhokwe tingadutsepo mwachangu. CVS inkalephera zinthu zosavuta ngati kusintha dzina la fayilo popanda kutaya mbiri yake. Kampani ya CollabNet, imene Behlendorf anayambitsa nawo, inayamba kulemba nkhokwe yatsopano yotchedwa Subversion mu 2000, ndipo inaimanga pa APR yomwe ija. Chakumapeto kwa 2004 khodi ya seva inasamukira mu Subversion. Nkhokwe ina yotchedwa Git itatenga dziko, Apache httpd sinathamangire. Kwa zaka zambiri kope la pa GitHub linali longoonerapo, nkhokwe yeniyeni ili mu Subversion, ndipo zosintha zimene alendo ankapereka pa GitHub zinkayenera kunyamulidwa ndi munthu wa chilolezo kukalowetsedwa kwinako. Achinyamata ozolowera kungodina batani amaona ngati n'kutsalira, ndipo sindinganene kuti akulakwitsa kwenikweni. Mayeso nawo anayenda ulendo womwewo: poyamba aliyense ankayesa pawebusayiti yake, kenako kunabwera mayeso olembedwa mu Perl ochokera kwa anthu a mod_perl, ndipo cha mu 2019 mayesowo anayamba kuyenda okha pa Travis CI chosintha chikangolowa, pambuyo pake n'kusamukira ku GitHub Actions. Mamodulo atsopano monga a HTTP/2 anabwera ndi mayeso awoawo a Python.

Zambiri mwa izi zinalipo mu Seputembala 2021 pamene 2.4.49 inatuluka, koma sizinagwire cholakwika chimodzi chachikulu. Mbali ya khodi imene imayeretsa adiresi ya tsamba inali italembedwanso. Seva iliyonse iyenera kukana adiresi yokhala ndi madontho awiri ofuna kukwera kunja kwa foda ya webusayiti, koma khodi yatsopanoyo inkapusitsika dontho likalembedwa mobisa ngati %2e. Pa seva imene sinatsekere mafoda akunja, mlendo ankatha kuwerenga mafayilo osayenera, ndipo pamene CGI, njira yoyendetsera mapulogalamu pa seva, inali yoyatsidwa ankatha kuyendetsa malamulo ake. Cholakwikacho chinapatsidwa nambala CVE-2021-41773, ndipo akuba anayamba kuchigwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Pa 4 Okutobala kunatuluka 2.4.50 yochikonza. Pasanathe masiku, ofufuza anaonetsa kuti chigambacho chinatseka theka la khomo: kubisa dontholo kawiri kunkadutsabe. Pa 7 Okutobala kunatuluka 2.4.51. M'masiku atatu amenewo munayenera kulowa kulandira lipoti, kukonza, kumanga phukusi ndi kuvota, choncho maola 72 aja anafupikitsidwa, monga malamulo amalolera pakagwa ngozi. Amene anapulumuka ndi ochedwa. Ogwiritsa ntchito Ubuntu ndi Red Hat sanakhudzidwe chifukwa maphukusi awo anali akadali pa mitundu yakale. Anavulala ndi amene ankathamangira chatsopano chikangotuluka.

Maso atatu amaona chimene akudziwa kuti achiyang'ane, ndipo mayeso amagwira chimene wina anaganiza zochiyesa. Koma vuto lalikulu la dongosololi lero si kulakwitsa, ndi kuchepa kwa anthu. Mu 1995 kupeza anthu atatu oti ayese chigamba kunali kosavuta, poti aliyense seva yake inkadalira chigambacho. Tsopano khodi yakula, odziwa mbali zake zovuta ndi owerengeka, ndipo seva ina yotchedwa nginx, imene Igor Sysoev anaitulutsa mu 2004, inatenga gawo lalikulu la msika. Chosintha chimatha kukhala mu STATUS miyezi chili ndi mayina awiri, kudikira lachitatu.

Nthambi zakale zinatsekedwa imodziimodzi: 1.3 inathera pa 1.3.42 mu 2010, 2.0 pa 2.0.65 mu 2013, 2.2 pa 2.2.34 mu 2017. Ya 2.4 yokha yakhala zaka zoposa khumi popanda wolowa m'malo, pamene thunthu likadali ndi nambala ya 2.5. Kutulutsa mtundu waukulu watsopano kungafune kuti olemba mamodulo akunja akonzenso ntchito zawo, ndipo palibe bwana woti alamule kuti tsiku lake ndi lakuti. Choncho zinthu zazikulu zimene kwina zikanabwera ndi nambala yatsopano, kuno zalowera pa khomo laling'ono la STATUS, chimodzichimodzi. HTTP/2 inadzera pamenepo mu 2.4.17 ya Okutobala 2015, ndipo mod_md, imene imakatenga yokha masatifiketi a Let's Encrypt, inatsatira mu 2018.